Pulakatisi ya a Muhaniwa

Tsiku loika maliro a bambo Muhaniwa ndinachita zamanyazi, ndipo sindinalape mpaka lero. Mdzukulu wawo wa ku Blantyre, mnyamata wophunzira komanso waulemu wake, anaimirira kuti anene mbiri ya malemu. Ananena za makolo awo amene anachokera ku Mozambique, ananena za zaka zimene ananyamula katundu wa alendo okwera phiri pa Likhubula. Zonsezo zinali bwino. Kenaka anakonza tayi n'kunena kuti agogo ake anali katswiri wa chithandizo cha odwala maganizo kudzera m'magule. Ine ndinali pakati pa amayi a nyimbo, ndipo mawu anangondipulumuka: "Bodza!" Mayi amene anakhala pafupi nane ananditsina pantchafu mpaka panatupa. Akufa akanakhala kuti amamva, a Muhaniwa akanagogoda bokosi.

Mnyamatayo sanalakwe dala, anafuna kukweza agogo ake. Koma dzina limenelo nkhalamba ija inalizula ndi manja ake, ine ndikuona. Ndiye poti pamaliro mkazi sapatsidwa mpata wotsutsa mwambo, ndati ndinene pano.

A Muhaniwa anali munthu wamfupi, wa miyendo yamatewe ndi khosi lalikulu. Pakati pa mutu panalibe tsitsi, nkhata inadya kalekale. Ankavala jekete lofiira limene mlendo wina anawasiyira m'phiri, ndipo sankalivula ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene nkhuku zimayenda zitayasama. Ndodo ankaikana. Maondo atayamba kuwavuta, akazi awo, a Elube, anawasemetsera ndodo yabwino, iwo n'kuisandutsa mpiringidzo wa khola la nkhunda. Asakunamizeni munthu kuti anali odzichepetsa. Ankakonda kutamandidwa, ndipo mukawaiwala ankadzitamanda okha. Ankati pa mapotala onse, onyamula katundu amene anakwerapo phiri lija, wowaposa anali mmodzi yekha, ndipo ameneyo anafa iwo asanabadwe.

Katundu aliyense ankayamba amutukula ngodya imodzi asanamange. Ankatero ndi thumba la makala, ankatero ndi dengu langa la zinanazi akandipeza ndikudikira minibasi ya ku Chitakale, angakhale sindinawapemphe. Ankanena kuti potala wabwino safunsa zimene zili m'chikwama cha mlendo, amangofuna kudziwa mbali yolemera. Nthawi imeneyo ndinkayesa akunena za zikwama basi.

Anakanganapo ndi aliyense. Ndi a Elube ankakangana za nyemba za kalongonda, chifukwa mayiwo ankaphika tsiku lonse kuti ululu uchoke, amuna a ku ng'oma n'kudzamaliza mphika wonse asanalawe mwini wake. Ndi ine ankakangana za zinanazi, ankati ndimathyola zosapsa. Koma mkangano umene anthu amaukumbukira ndi wa akulu a mpingo. Anabwera awiri, atavala masuti, kudzafunsa ngati zimene zinkachitika pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo sizinali nantongwe, gule wathu uja wa Alomwe wovinira munthu wogwidwa mizimu. Anati zikakhala zimenezo, mgonero aiwale. A Muhaniwa anawapatsa mpando, anafwenkha fodya wawo, n'kuwafunsa ngati anaonapo mzimu wofika mochedwa n'kukalipiridwa chifukwa cholakwitsa phazi.

"Ndiye n'chiyani chimenechi, bambo?" anafunsa mmodzi.

"Pulakatisi."

"Ya chiyani?"

"Ya tchopa. Kukubwera mpikisano."

"Liti?"

"Adzatiuza."

Akuluwo anabwerera alibe chogwira. Pamsonkhano wa mpingo anakanena kuti nkhalambayo ndi yamakani koma mizimu sanaione.

Mpikisano umenewo kunalibe. Tonse tinkadziwa, ndipo palibe ananenapo.

Kuti mumve bwino ndiyambe ndi napolo. Amene sali a kuno mwina sadziwa kuti phiri lathu likakhuta mvula limataya madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba, ndipo chimenecho timati napolo. Chaka cha napolo wamkulu uja midzi ina inakwiririka. Okafukula anthu anali amuna a kuno, makamaka mapotala, chifukwa ndiwo amadziwa kuponda pamwala woterera ndiponso kusenza. Mlongo wanga Daisoni anali mmodzi wa iwo. Iye anali pachikamwini m'mudzi wina wa m'munsi mwa phiri, ndipo tsiku la ngoziyo anali kwa ine kuno. Anathamangira kumeneko ndi khasu. Mkazi wake anapulumuka. Mwana wawo Tadala, amene anali atangoyamba sukulu, anamufukula yekha.

Banja silinakhalitse. Anthu awiri amene akuyang'anana n'kumaona manda amodzi savutika kupeza chokanganira. Akuchikazi anamuuza kuti abakapuma kwawo, ndipo kwawo kwa mwamuna ndi kwa mlongo wake, ndiye anabwera kwa ine ndi kachikwama kamodzi. Sankalankhula. Sankagona. Phiri sankaliyang'ana, ankakhala chofulatira, pamene ife kuno phiri lili ponseponse. Kachasu anamuyamba, ndipo si iye yekha. Amuna ambiri amene anagwira khasu masiku amenewo anasanduka ena, ndipo amuna anga anali mmodzi wa iwo. Wina ankathawa m'nyumba mvula ikangogunda padenga. Wina anayamba kumenya mkazi amene anakhala naye zaka zambiri osamuloza ndi chala.

A Muhaniwa sanauze munthu kuti akudwala. Anangoyamba kuyenda khomo ndi khomo ndi jekete lawo lija, kudandaula kuti ali ndi ng'oma zikudyeka ndi chiswe, mpikisano uli pafupi, koma mudzi uno unabala amuna a miyendo ya udzudzu. Ankatukwana munthu mpaka apse mtima. Mwamuna wa kuno mukamuuza kuti tiye ukathandizidwe, akuuzani kuti ali bwino. Mukamuuza kuti sangathe kuvina tchopa ngati bambo ake, mawa mumupeza wafika msanga kuposa inu.

Daisoni yekha ndiye sanamve chipongwe chilichonse. Tsiku lina masana ndinaona mbuzi yanga ikudya ndiwo za m'dimba la eni ake. Ndinapita pachikhomo, chingwe palibe. Mwana wa oyandikana nawo anati waona amalume akulowera ku mabulugama a kumtsinje. Sindinathamangire kwa abusa kapena kuchipatala, ndinathamangira kumene kunali pafupi, kwa a Muhaniwa, ndipo sindikumbuka zimene ndinanena. Iwo anadula njira ya m'munda mwa chinangwa, ine pambuyo. Tinamupeza asanafike kumitengo, chingwe atachikulunga kudzanja.

"Daisoni! Mulungu ngwabwino," anatero akupuma wefuwefu. "Ndakhala ndikufuna chingwe kuyambira m'mawa. Ng'oma yanga ikugwa panjinga. Ndibwereke chimenecho."

Nkhalambayo inatambasula dzanja, ndipo silinatsike. Sanamufunse kumene ankapita, sanamulalikire. Anangoima pakati pa njira, dzanja lili m'mwamba, nthawi yaitali. Daisoni anapereka.

"Ndabwereka, ndidzabweza," anatero. "Tsopano tiye ukandisenzere ng'omayo, ine maondo."

Umo ndi mmene mlongo wanga analowera pulakatisi.

Ankakumana masana, dzuwa lili paliwombo. Anthu ankadandaula kuti bwanji osadikira kuzizire, iwo n'kumati gule wa mumthunzi ngwa aulesi. Ndinadzazindikira mochedwa chifukwa chake. Munthu akavina padzuwa nkhope yonse imanyowa, ndipo palibe angasiyanitse thukuta ndi misozi. Ndinaonapo amuna akuluakulu akuzungulira bwalo lija madzi ali chuchuchu kumaso, a Muhaniwa ali pamwala wawo n'kumakuwa kuti thukuta limenelo ndilo akufuna.

Pa tchopa amuna amavina atabereka zikwama kumsana. Lamulo la a Muhaniwa linali loti aliyense alongedze yekha chikwama chake, ndipo wina asatsegule cha mnzake. Cha Daisoni ndinachigwetsa mwangozi tsiku lina ndikusesa, munatuluka kajuzi ka sukulu. Ndinakabwezera momwemo. Nyimbo ankapeka okha. Mmodzi ankaponya mzere, ena n'kuvomera, ndipo nyimbo zina zinali zotukwana phiri lenilenilo, mawu oti sindingalembe pano. Tsiku limene Daisoni anaponya mzere wake woyamba ndinali ndikudutsa ndi ndowa pamutu. Ndinaima kuseri kwa nthochi mpaka khosi linauma. Kuyambira sabata imeneyo anayamba kumaliza chakudya.

Mbiri ya gululo itamveka, anthu anayamba kuwaitana ku maukwati ndi ku misonkhano. A Muhaniwa ankakana onse. Ankati gule sanapse. Wina anawalonjeza galimoto yodzawatenga ndi mayunifolomu, iwo anati gule wosapsa amatsegula m'mimba. Ankadziwa kuti anthu akavina pagulu, gule watha, ndipo mawa lake sipakhalanso chifukwa chobwerera pansi pa mango.

Kenaka kunabwera a Tiyamike. Anali mayi wachitsikana wa bungwe lina limene linatsegula ofesi pa Chitakale kuti lithandize anthu a napolo. Ndinene poyera, chifukwa ena amafuna nkhaniyi izimveka ngati mayiyo anali wopusa: sanali wopusa, ndiponso sanali wonyada. Anakhala pamphasa ndi ife amayi, anaonera mpaka kumapeto, ndipo ndinamuona akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje. Atatha anagwada pafupi ndi mwala wa a Muhaniwa n'kuwauza kuti zimene akuchitazi anthu amakaphunzira kusukulu zapamwamba, ndipo zili ndi mayina.

"Mayina? Angati?" anafunsa nkhalambayo, maso akuwala. Ndanena kale kuti ankakonda kutamandidwa.

A Tiyamike anayamba kuwerenga. Anati pali chithandizo cha nyimbo, pamene odwala amaimba kapena kuomba ng'oma. Pali chithandizo cha magule, pamene thupi limanena zimene pakamwa pakukanika. Pali cha zojambula ndi zoumba, pali cha zisudzo, pali cha ndakatulo. Anati akatswiri amatsutsananso okhaokha, ena amati zonsezi zikhale ndi dzina limodzi loti chithandizo cha maluso, ena amati chilichonse chiime pachokha, ndipo ena amati munthu wopanda satifiketi asatchule n'komwe mawu oti chithandizo.

"Ndiye ine ndili pati pamenepo?"

"Inu agogo muli pa magule ndi nyimbo."

"Satifiketi ndilibe."

"Chimenecho tingakambirane."

"Mwatchula odwala. Odwalawo ndi ati?"

A Tiyamike anayang'ana amuna amene ankawamba ng'oma pamoto. Nkhalambayo inawagwira pamkono kuti asaloze.

"Awo ndi ovina, mayi. Oipa kuvina, koma ovina. Pano ndi pa pulakatisi."

Pamenepo akanalekeza. Koma bungwelo linatumiza zikopa zatsopano za ng'oma, iwo analandira. Linabwera ndi wojambula zithunzi, iwo anatsuka jekete n'kuima kutsogolo. A Elube anawauza kuti walira mvula walira matope, iwo anati mkazi sadziwa za ng'oma. Za kuika chikwangwani pamalopo anafunsidwa, ndipo anakana. Akuluakulu a bungwelo, amene sanafikepo pansi pa mango, anaona ngati ndi manyazi a nkhalamba chabe. Sabata imene a Muhaniwa anapita kukaona mwana wawo wodwala ku Muloza, kunabwera anyamata ndi simenti. Anazika chikwangwani chachitsulo cha miyendo iwiri m'mphepete mwa njira ya kumjigo, cholembedwa bwino ndi penti yobiriwira: Malo a Chithandizo cha Thanzi la Maganizo Kudzera m'Magule ndi Nyimbo.

Njira ya kumjigo imadutsa mudzi wonse. Pofika madzulo ake, aliyense wodziwa kuwerenga anali atawerengera wosadziwa. Mawu aataliwo anthu anawafupikitsa okha, anati pa amisala. Ana anayamba kuimba akaona mwamuna wonyamula ng'oma. Amayi ena pamjigo ankafunsana monong'ona kuti kodi amuna anu aja apita liti kuchipatala cha amisala ku Zomba. Anthu omwewo amene ankadziwa kale zonse n'kumakhala chete, ataona zolembedwa anamasuka pakamwa. Ndikuwadziwa mayina, ndipo ena ankadya m'nyumba mwanga.

Daisoni anali atayambanso kupita pa Likhubula kukadikira alendo, koyamba chichitikire napolo. M'mawa wina mnzake woperekeza alendo anamukokera pambali n'kumuuza mwaulemu kuti sangamupatse katundu, chifukwa munthu wa pachikwangwani akachita zina pamwamba pa thanthwe adzafunsidwa ndi iye. Daisoni anabwerera kunyumba, anakhala chofulatira phiri ngati kale. Pa pulakatisi yotsatira sipanafike munthu ndi mmodzi yemwe.

A Muhaniwa atabwera ku Muloza anaima patsogolo pa chikwangwanicho nthawi yaitali. Kuwerenga ankadziwa pang'ono, koma anandiitana kuti ndiwawerengere mokweza. Ndili pomwepo anafika Daisoni. Sanapereke moni.

"Bambo, ndabwera kudzatenga chingwe changa."

Nkhalambayo inamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Ndi chako, sindikukana. Koma ndili ndi katundu mmodzi wotsala. Ndikamutula, udzatenge."

Tsiku lonselo ndinamulondalonda mlongo wanga ngati nkhuku ya anapiye. M'mawa mwake tinamva chitsulo chikulira. A Muhaniwa anali ndi mgwala, akuswa simenti. Anthu anasonkhana, wina anati mudzamangidwa, katundu wa bungwe ameneyo. Iwo anati sakuba, akubweza. Atachizula anachitukula ngodya imodzi monga mwa chizolowezi chawo, anapinda miyendo yake ndi mwala, anachimanga ndi chingwe cha mbuzi yanga, napota nkhata ya masamba a nthochi. A Elube anatuluka akulira kuti mufera panjira inu. Iwo anati akafera panjira ndiye kuti afa ngati potala.

Njira yachidule yopita kumsewu ilipo, koma sanadzere imeneyo. Anadzera pakhomo panga. Munthu wa zaka zimenezo, chitsulo chili pamutu, mibulu ya simenti ikulendewera, maondo akugundana. Atafika pamaso pa Daisoni anapepesuka ngati agwa. Ena amati anachita dala, ine ndimati theka linali dala.

Mapotala ali ndi lamulo lawo losalembedwa. Katundu akakwera pamutu satulidwa pansi mpaka afike kwa mwini wake, ndipo mnzako akalefuka sufunsa, umangoika mutu wako pansi pa katunduyo. Mwamuna amene angaonerere mkulu wake akugwa ndi katundu sangakhalenso pa Likhubula. Daisoni anakhala kaye ali gwa. Kenaka anatukwana, anadzuka, n'kulowa pansi pa chikwangwanicho.

"Mbali yolemera ndi yakumanzere," inatero nkhalambayo, ikusuntha nkhata.

Anadutsa nyumba ya mwamuna uja wothawa mvula, a Muhaniwa n'kukuwa kuti mnyamatayu watopa. Mwamunayo anatuluka. Anadutsa ya wina, chimodzimodzi. Pofika pamsewu waukulu anali gulu lonse la pulakatisi, akulandirana katundu mmodzi amene amuna awiri akanamutha. Ine ndinasiya zinanazi zanga n'kutsatira. Minibasi zinkachepetsa liwiro, makondakitala n'kumawerenga mokweza zolembedwazo ndi kuseka. Palibe anabisa nkhope. Wina anayambitsa nyimbo ija yotukwana phiri, ndipo anayenda nayo m'minda ya tiyi, amayi othyola masamba ataimirira ndi madengu kumsana. Ulendo wa ku Chitakale si waufupi. Nkhalambayo inakana kabaza, inakana madzi, inafika milomo itayera.

A Tiyamike anatuluka mu ofesi atagwira kukamwa. Daisoni ndiye anali wasenza, ndipo anatula chikwangwanicho pakhonde mosamala, ngati muli mazira.

"Katundu wanu uyu, mayi. Sanaphwanyike, miyendo yokha tapinda," anatero a Muhaniwa.

"Agogo, ndinawauza kuti munakana. Pepani." Kenaka a Tiyamike analimba mtima. "Koma ndinene chilungamo. Mawu amenewa si chipongwe. Kudwala maganizo kuli ngati kudwala malungo. Tikamabisa dzina lake, manyazi sadzatha m'midzi muno. Ndipo pali ena ng'oma yokha singawathe, akufunika dokotala."

Ndinayembekeza kuti a Muhaniwa aphulika. Anakhala pansi pa sitepe, chifukwa miyendo inali itawakana.

"Zoona zimenezo," anatero. "Ndiye chikhomeni pakhomo panu pano. Wolowa pano walowa yekha, wawerenga, wavomera. Koma kwathu kuja mwalemba anthu pamphumi osawafunsa. Inu mukatchula dzinalo mumakwera galimoto n'kumapita. Limatsala ndi uyu. Akapita kumjigo ali nalo, akapita kukapempha katundu ali nalo. Manyaziwo mukufuna kuthetsa, athetseni, ndikuthandizani. Koma musawathetsere pamsana pa mwana amene ndamutola dzulodzuloli."

"Nanga m'malipoti ndilembe chiyani?"

"Lembani mayina anu onse aja, ndi abwino. Pepala silipita kumjigo."

A Tiyamike anamasula okha chingwe pachikwangwanicho n'kufunsa kuti ndi cha yani. Daisoni anatsegula pakamwa, koma nkhalambayo inachilanda msanga n'kuchiika m'thumba la jekete. Inati katundu watulidwa, inde, koma ng'oma ikugwabe panjinga.

Amene amakonda nkhani za wopambana ndi wogonja akhumudwa, chifukwa sizinathe choncho. Sabata yotsatira a Tiyamike anabwera pa minibasi, opanda galimoto ya bungwe, atamanga chitenje. A Muhaniwa anawaika mumzere wa amayi n'kuwauza kuti amavina ngati akupha nyerere. Anabwerabe. Ndipo nkhalamba yomweyo imene inazula chikwangwani inayamba kutengera amuna ena ku ofesi ija, mmodzimmodzi, amene inaona kuti ng'oma yawakanika. Inkati tiye undiperekeze ku Chitakale ndikagule phula la ng'oma. Phula limenelo linagulidwa kambirimbiri. Daisoni naye anapita, anakalankhula zimene kwa ine sananenepo, anapatsidwa ndi mankhwala kuchipatala, ndipo anayamba kugona. A Muhaniwa ankati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma mwini mutu ndiye amanena pometa.

Woperekeza alendo uja anali pamsewu tsiku la chikwangwani, anaona yekha amene anasenza mtunda wautali kuposa onse. Sanapepese, amuna a kuno kupepesa kumawavuta. Anangomuitana Daisoni m'mawa wina n'kumuloza chikwama chachikulu.

Maondo a nkhalamba ija sanachirenso chichokere ku Chitakale. Zaka zawo zomaliza ankachita kuwanyamula kupita pamwala, ndipo ali pamenepo ankatukwanabe mapazi a anthu. Anamwalira m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri.

Pamaliro paja, mdzukulu atatha kulankhula, wamkulu wa mwambo anapempha kuti gulu la malemu livine tchopa, anthu aone zimene ankaphunzitsa. Anthu anayamba kufutukula bwalo. Amuna a pulakatisi anayang'anana. Daisoni anaimirira, anavula chipewa.

"Pepani akuluakulu. Gule sanapse."

Anakhala pansi. Anthu a kutali anadabwa, ena anati ndi mwano. A Tiyamike anali pakati pathu amayi, ndipo ndinawaona akuseka misozi ili mbwembwembwe.

Titasesa pamaliro, a Elube anabwera kunyumba kwanga ndi kanthu m'chitenje. Anaitana Daisoni n'kumupatsa chingwe chija, chitada ndi thukuta la m'thumba. Anati malemu anawauza kuti akadzapita abweze, chifukwa anabwereka ndipo safuna kukafika uko ndi chinthu cha mwini. Ndinakwiya nawo malemuwo, ndinene zoona. Ndinati nkhalamba iyi yapenga pomaliza. Daisoni analandira ndi manja awiri, anachikulunga kudzanja monga tsiku lija, n'kutuluka osanena kumene akupita.

Ndinapirira pang'ono, kenaka ndinalephera. Ndinamutsatira mtima uli m'mwamba.

Pansi pa mango panali zii. Bwalo limene mapazi anasalaza linali litayamba kugwera masamba. Phulusa la powambira ng'oma linali litanyowa ndi mame. M'mphepete mwa njira ya kumjigo maenje awiri a chikwangwani akadali pomwepo, chifukwa a Muhaniwa analetsa kuwakwirira, ankati wina akadzabwera ndi dzina latsopano ayambe wathyoka mwendo. Mwala wawo unali pamalo pake, wosalala pamwamba, pambali pake pali kabotolo ka fodya kopanda kanthu.

Kenaka ndinaona chingwe chili panthambi, ndipo ndinakuwa. Ndinathamanga osaona njira. Kumapeto kwa chingwecho kunali ng'oma yaikulu, ikulendewera bwinobwino pamwamba poti chiswe sichingafike. Daisoni anatulukira kuseri kwa mtengo ndi tsache m'manja.

"Mukukuwa chiyani, achemwali? Mukauze alamu kuti mawa pulakatisi. Asachedwe."

Anasesa bwalo lonse mpaka m'mphepete. Atafika pamwala paja anauzungulira, anasesa mbali zonse, koma sanakhalepo. Mpaka lero palibe amakhalapo.